Mnyamata Woyang'ana Pansi

1. Tinsalu ta Tiyu Sebastião

Mumzinda wa Tete dzuwa silinyengerera munthu. N'chifukwa chake anyamata a m'dera la Francisco Manyanga ankadikira kuti lipendeke kaye asanapite ku bwalo la mpira. Kunena zoona bwalolo linali la mbuzi. Anyamata ankangobwereka madzulo, ndipo nthawi zina eniakewo ankakana kusuntha.

Chinali chaka cha 1987, nkhondo ili mkati. Nsapato kunalibe, mipira yachikopa kunalibe, koma mphunzitsi analipo. Dzina lawo linali a Sebastião, telala wa pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika. Anali bambo onenepa, a mawu aakulu, amene pa unyamata wawo anasewerapo mpira ku Moatize. Ana onse ankawatchula kuti Tiyu, monga mmene ana akumeneko amaitanira bambo wamkulu amene amuzolowera.

Mipira ankasoka okha ndi zidutswa za nsalu. Tinsalu tina ankatisunga m'thumba la malaya: kofiira, koyera, kakuda ndi kachikasu.

Pophunzitsa ankalemba mzere wozungulira pafumbi ndi chidendene. Anyamata ankalowa m'katimo aliyense ndi mpira wake, n'kumauyendetsa mothithikana koma osagundana. Mwadzidzidzi Tiyu ankakweza kansalu m'mwamba, ndipo aliyense ankayenera kufuula mtundu wake mpira osauimitsa. Wolakwa ankathamanga kukakhudza mlambe wa kumapeto kwa bwalo n'kubwerera.

"Anyamata inu, mpira si mwana wakhanda woti muzimuyang'anitsitsa," ankatero Tiyu. "Ukamabwera, phazi lifewe, liulandire ngati mukuwakha dzira. Ukakhala paphazi, phazilo liziumva lokha. Maso ali ndi ntchito ina. Aziona kumene kuli mnzanu, kumene mdani akuchokera, ndiponso malo amene palibe munthu. Muzicheuka mpira usanakufikeni. Mukacheuka utafika kale, mwachedwa."

2. Mapazi abwino, khosi louma

Ernesto anali watsopano pagululi. Anachokera ku Angónia ndi mayi ake, a Albertina, amene tsopano ankagulitsa tomato pamsika. Chichewa chake chakumapiri ana a m'tauni ankachiseka, koma mapazi ake panalibe wowaseka. Mpira unkamumamatira ngati waupaka ulimbo.

Vuto linali khosi. Mnyamatayo sankadzutsa mutu. Poyenda maso pansi, pothamanga maso pansi. Tsiku lina anapyola anthu atatu, n'kupyola golo osaiona, mpaka kukalowa pakati pa mbuzi. Anzake anagwa pansi ndi phwete, ndipo tonde wa gululo sanakondwere nazo.

"Iwe Ernesto!" anafuula Tiyu. "Singano zanga ndazisiya kunyumba, sizinagwere pano. Dzutsa mutu!"

Ernesto ankayesa. Ankakweza chibwano pang'ono, koma akangoponya phazi maso ankabwerera okha kunthaka, thukuta lili kamukamu.

Amene anamumvera chisoni anali Armando, mnyamata wobadwira mumzinda momwemo, wolankhula Chinyungwe, wapakamwa koma wamtima wabwino. Pa masewera a tinsalu ankayendetsa mpira wake pafupi ndi Ernesto. Tiyu akakweza kansalu, iye ankanong'ona osatsegula mano: "Kofiira, shamwali." Shamwali ndiye bwenzi m'Chinyungwe. Ernesto ankafuula, "Kofiira!" maso ali pafumbi.

Zinayenda choncho kwa milungu ingapo. Ernesto ankadziwa kuti ndi chinyengo, ndipo sankakondwa nazo. Koma pabwalopo ndi pokhapo mumzinda wonse pamene munthu sankamufunsa kumene anachokera. Komanso Tiyu anali atalengeza kuti asankha timu yokasewera pa Tsiku la Ana, pa 1 Juni. Ernesto ankafuna malo m'timu imeneyo kuposa chakudya.

3. Chenjezo la mayi

Chifukwa choyang'anira pansi chinalipo, koma chinali pakati pa zinthu zimene mayi ake anamuletsa kunena.

Atangofika mumzinda, a Albertina anamukhazika pansi uku akusankha tomato wophwanyika m'dengu.

"Tamvera, mwana wanga," anatero motsitsa mawu. "Munthu akakufunsa, ife tinabwera pa lole kuchokera ku Ulongwe, pamodzi ndi asilikali operekeza magalimoto. Basi. Zoti tinakhala kutchire m'manja mwa anthu a mfuti aja, tikuwasenzera katundu, usanene. Zoti tinathawa wapansi kudutsa m'mapiri, usanene. Ife tinalibe mlandu, anachita kutigwira. Koma anthu a kuno ali ndi mantha, ndipo munthu wamantha safunsa kawiri. Adzati ndife akazitape. Eni nyumba ino adzatitulutsa, pamsika adzandilanda malo. Ngakhale kwa mnzako amene umadya naye mbale imodzi, ngakhale kwa aphunzitsi kushikola, pakamwa potseka. Wandimva?"

"Ndamva, amayi."

"Bwereza."

"Tinabwera pa lole."

Ernesto anali mwana womvera. Anasunga mawuwo monga anamuuzira.

4. Chipewa m'mwamba

Anthu ambiri amaganiza kuti munthu wonenepa ndi wogona. Amenewo sanakumane ndi Tiyu Sebastião. Telala amene amalowetsa ulusi m'singano tsiku lonse sangalephere kuona milomo ya mwana ikugwedera.

Lachinayi lina madzulo analowetsa dzanja m'thumba monga mwa nthawi zonse. Koma m'malo mwa kansalu anavula chipewa chawo n'kuchikweza m'mwamba.

Anyamata onse anaseka n'kufuula, "Chipewa!" Armando anasokonezeka. Pakamwa pake panali patakonzeka kale kutchula mtundu, ndiye ananong'ona mtundu wa chipewacho.

"Kakuda!" anafuula Ernesto yekhayekha, maso ali pansi.

Anyamata onse anatembenuka kumuyang'ana.

Tiyu anabweza chipewa kumutu pang'onopang'ono. Anaitana awiriwo kuti aime patsogolo.

"Armando, iwe ukuganiza kuti ukuthandiza mnzako," anayamba. "Pa tsiku la masewera udzathamanga pambali pake kumamunong'oneza kumene kuli golo? Nanga mdani akamabwera kumbuyo kwake ndi liwiro, iwe uli kutsidya la bwalo, adzamuuza ndani? Mwana wa eni adzathyoka mwendo chifukwa cha chifundo chakocho. Wamubera milungu imene akanaphunzira. Ndipo wandinamiza ine, amene ndimasiya makina anga dzuwa likadalipo kudzaima pafumbi pano."

Kenako anatembenukira kwa Ernesto.

"Iwe ndiye ndikudziwa matenda ako. Ndi kunyada. Mulungu anakupatsa mapazi abwino, ndiye ukuona ngati anzako ndi mitengo. Wosewera amene sayang'ana anzake amasewera yekha, ndipo wosewera yekha safuna timu. Siyani mipira yanga pansi. Nonse awiri musabwerenso."

Armando anayesa kuseka kuti abise manyazi, koma misozi inamupereka. Anachoka osacheuka. Ernesto anapita kunyumba mtima ukuwawa kawiri: malo ake anali atapita, ndipo anali atagwetsa mnzake yekhayo amene anali naye.

5. Pakhonde la telala

M'mawa mwake, pochokera kusukulu, Ernesto anadutsa pakhonde la Tiyu. Anapitirira mpaka pa mtengo wa masawu, n'kubwerera. Anapitiriranso. Ulendo wachitatu makina anasiya kulira.

"Ukufuna kundithera msewu?" anafunsa Tiyu. "Ngati uli ndi mawu, khala apa."

Ernesto anakhala pansi pafupi ndi mulu wa zigamba. Mawu a mayi ake ankamveka m'makutu. Koma nkhope ya Armando nayonso sinkachoka.

"Tiyu, Armando alibe mlandu. Mumubweze. Ine si kunyada ayi."

"Nanga n'chiyani?"

Mnyamatayo anayang'ana uku ndi uku. Pakhondepo panalibe wina.

"Sitinabwere pa lole," anatero. Mawu oyambawo atatuluka, enawo anatsatira okha. "Tinabwera wapansi. Tinathawa kwa anthu a mfuti, gulu lalikulu ndithu. M'njira munali mabomba okwirira. Akuluakulu anati titsogoze ng'ombe, ife tiziponda mmene yaponda. Ng'ombe inalipo imodzi yokha, yathu, imene bambo anatisiyira pomwalira. Dzina lake Chikopa. Ndinkaidyetsa ndine kuyambira ili thole."

Kenako anapitiriza.

"Tinayenda bwino mpaka pa dambo lina. Ine ndinkayang'ana mbalame m'mwamba. Ndinangomva kuphulika. Dothi linatigwera kumutu. Chikopa panalibe."

Tiyu anachotsa phazi pa chopondera makina.

"Kuchokera pamenepo tinalibenso ng'ombe. Aliyense ankaponda m'phazi la amene ali patsogolo pake. Amayi anali kumbuyo kwanga. Ndikangodzutsa mutu ankandimenya pakhosi, amvekere, 'Maso pansi! Ukufuna kufa?' Mpaka tinafika pamsewu waukulu. Tsopano ndikudziwa kuti kuno ndi kutauni, Tiyu. Mutu ukudziwa. Koma ndikaponda pamene sindinaone, miyendo imazizira."

Atamaliza anadzidzimuka ndi zimene wachita. Anagwira mwendo wa tebulo. "Chonde musauze munthu. Amayi anandiletsa. Adzatithamangitsa."

Tiyu atayankhula, mawu awo aakulu aja anali atachepa.

"Ndinakulakwira, mwana wanga. Ndinakutchula wonyada ndisanakufunse. Tamvera. Zovala zimene zili pamuluwu ndi za anthu ochokera kumene wachokerako. Ndimaona mmene minga inazing'ambira, ndipo sindifunsa. Ambiri mwa iwo akuti anabwera pa lole. Malole amenewo akanakhaladi ochuluka choncho, bwenzi mlatho wa pamtsinje wathuwu utagwa. Amayi ako si opusa. Anakumenya pakhosi kuti ufike wamoyo, anakutseka pakamwa kuti mugone m'nyumba. Zonsezo anachita bwino pa nthawi yake. Nkhaniyi yathera pakhonde pano, ine sindiuza munthu. Koma usazolowere kuuza aliyense, ndipo usawabisire amayi ako kuti wandiuza. Kubisira mlendo ndi kudziteteza. Kubisira mayi ako ndi chinthu china."

Ernesto anapuma mpweya waukulu. Anamva thupi kupepuka ngati watula mtolo wa nkhuni.

"Madzulo ubwere kukampu, kubwalo lathu lija," anatero Tiyu akubwezera nsalu pamakina. "Ukamutengenso mlongolodi mnzakoyo, Armando wapakamwa uja."

6. Tsiku lotola minga

Madzulo amenewo Tiyu sanatulutse mipira m'thumba. Anaimika anyamata onse mzere umodzi kumapeto kwa bwalo, phewa ndi phewa.

"Ndatopa kukuzulani minga m'mapazi ndi singano zanga," analengeza. "Lero tiyenda bwalo lonseli. Maso pansi nonse. Munga, mwala, galasi, tolani. Pamene mwadutsa pondani mwamphamvu. Ine nditsogola."

Anyamata anang'ung'udza. Wina anati anabwerera mpira, osati ganyu. Koma anayenda.

Tiyu anatsogoladi, ndipo sankangoyenda. Ankadumpha. Bambo wamkulu, mimba ikugwedezeka, ankadumpha n'kutera ndi mapazi onse awiri, fumbi koboo. Anadumpha pakati, anadumpha m'makona, anadumpha pagolo, anakalowa ngakhale m'kaudzu ka pansi pa mlambe. Ana anaseka mpaka kugwira nthiti. Mbuzi zinasamuka zokha.

Ernesto yekha sanaseke. Ankayang'ana paliponse pamene bamboyo watera. Nthaka inangokhala chete. Kenako nayenso anayamba kuponda, poyamba monyengerera, kenako ndi chidendene chonse. Pofika kumapeto panalibe malo amene maso ake sanaone ndiponso amene phazi la munthu silinaponde.

Tiyu anamuyandikira akupuma wefuwefu, n'kulankhula motsitsa kuti ena asamve.

"Waliona lonse?"

"Ndaliona, Tiyu."

"Ngati lanyamula ine, iwe ndiye ndani? Maso ako agwira ntchito yawo pansipa, yatha. Tsopano apatse ina."

Anamuikira mpira kuphazi. "Upondereze ndi chikhatho cha phazi. Upititse kutsogolo, ubweze. Kumanja, kumanzere. Usauyang'ane, uli pomwepo, suthawa. Yang'ana mlambe uwo, undiuze nthambi imene ili ndi zipatso zambiri."

Maso a Ernesto anatsika, anawakweza. Anatsikanso, anawakwezanso. Mpira unkayenda pansi pa phazi, ndipo anadabwa kuona kuti phazilo linkaudziwa bwino popanda womuuza.

"Ya kumanzere," anatero. "Pali khwangwala."

"Khwangwala sindinafunse, koma zikomo."

7. Armando ali yekha

Sizinatheke tsiku limodzi ayi. Pa masewera a tinsalu Ernesto anathamangira kumlambe kambirimbiri, ndipo Armando anali atalamulidwa kuima kutali, pakamwa atatseka, chimene kwa iye chinali chilango chachikulu. Masiku ena mantha ankabweranso. Zikatero Ernesto ankafika msanga n'kuzungulira bwalo yekha anzake asanabwere, ndipo Tiyu ankakhala ngati sakuona.

Loweruka lina Tiyu anagawa anyamata magulu awiri, ovala malaya ndi ovula. Masewera ali pakati, mpira unagubuduka kulunjika kwa Ernesto.

Usanafike, anacheuka.

Anaona mnyamata wamtali akubwera kumbuyo kwake cha kumanja. Anaonanso chinthu chimene sanachionepo chiyambire: bwalo linali lalikulu. Kumanzere kunali malo ambiri opanda munthu, ndipo Armando anali kumeneko yekhayekha akugwedeza manja ngati akuthamangitsa mbalame m'munda.

Ernesto anaulandira mpira ndi m'kati mwa phazi, n'kuupatutsira kumanzere. Wamtali uja anapitirira ndi liwiro lake. Ernesto sanapyole munthu, sanaonetse luso. Anangoukankha pansipansi kudutsa pakati pa anthu awiri.

Armando anaumenya ndi chala chachikulu. Unadutsa pakati pa miyala iwiri ya golo.

"Wandiona, shamwali! Wandiona!" anakuwa Armando akuthamanga kudzamukumbatira. "Nthawi yonseyi ndimayesa ndine mzukwa!"

Ernesto anaseka. Kanali koyamba anzakewo kumva kuseka kwake, ndipo kunali kokweza kuposa kwa wina aliyense. Mtima wake unakhala m'malo.

Dzuwa litatsala pang'ono kulowa, Tiyu anawakhazika pansi pa mlambe n'kuyamba kutchula mayina a timu ya pa Tsiku la Ana. Dzina la Armando linatuluka. La Ernesto linatuluka pambuyo pake. Awiriwo anagundana mapewa.

"Musasangalale msanga," anatero Tiyu. "Masewerawo sadzachitikira pano. Tikasewera ndi anyamata a ku Chingodzi, kwawo, tsidya la mtsinje. Kampu yawo ili ndi udzu, sitinaipondepo. Tidzawoloka mlatho wapansi m'mawa. Aliyense abwere ndi kholo lake pakhonde panga lidzandiuze ndi pakamwa pake kuti lalola. Wopanda kholo satsagana nafe."

Anyamata anabalalika akukuwa. Ernesto anatsala atakhala. Tsidya la mtsinje ndi kumene kunali msewu wochokera kwawo. Udzu wosapondedwa sunamuopse kwambiri, poti tsopano ankadziwa chochita nawo. Chimene chinamudetsa nkhawa chinali china. Mayi ake akakaima pakhonde lija, adzayang'anana ndi munthu amene akudziwa zonse.

Anapeza a Albertina akulongedza tomato wotsala, msika ukutsekedwa. Anawathandiza kusenza dengu. Kenako anaima patsogolo pawo, n'kuwayang'ana m'maso.

Mayiwo anadabwa. "Lero ukundiyang'ana kumaso? Chachitika n'chiyani?"

"Amayi, ndasankhidwa m'timu," anatero Ernesto. "Koma pali munthu mmodzi amene ndamuuza za Chikopa."

A Albertina anatula dengu pansi.